Chifuwa Chakana Kutha Mutachira Khansa: X-ray, Sikani, CT, MRI Kapena PET?

Achemwali anga anawachotsa bere lakumanzere zaka zitatu zapitazo, ndipo mankhwala a khansa a m'diripi analandira mpaka kumaliza. Mphumu ndiye ali nayo kuyambira utsikana. Ikafika nyengo yosankha fodya m'chigafa, kapena kukazizira mu June, m'chifuwa mwawo mumalira ngati mwalowa kamwana ka mphaka, ndipo tonse tinazolowera. Chaka chatha chifuwa chinakana kutha. Makhololo ankatuluka olimba, abulawuni, ngati timizu. Atawajambula X-ray, m'phapo lakumanja munaoneka chigamba choyera. Tsiku limenelo pakhomo sipanaphikidwe nsima. Aliyense mumtima anati yabwerera.

Siinali khansa. Anali mamina olimba amene anatseka njira ya mpweya, chifukwa thupi lawo limadana ndi chuku. Koma kuti tifike pa yankho limenelo tinakwera maulendo atatu a ku Lilongwe, tinagulitsa mtedza umene tinasungira mbewu, ndipo achibale ena anali atayamba kale kukamba zosonkha ndalama za ku India. Ndinali gadiyani wawo nthawi yonseyi, ndipo zimene ndinafunsa ndi kuphunzira ndikuzilemba pano chifukwa cha inu amene muli pamphambano yomweyo kuno ku Kasungu. Cholakwika chinanso chimachitika, ndipo n'choopsa kuposa chathu: munthu kumangopopera mankhwala a mphumu miyezi ndi miyezi, chikhalirenicho khansa yafika m'mapapo.

Chifukwa chake chithunzi chimasokoneza

Munthu wa mphumu ya ziwengo, chitetezo cha m'thupi mwake chimamenyana ndi zinthu zimene kwa ena si adani: fumbi, mungu wa udzu, tizilombo tosaoneka ta m'mabulangete ndi m'matiresi, mphemvu, ubweya wa mphaka, chuku. Thupi limapanga zida zotchedwa IgE, zimene akatswiri a sayansi Kimishige ndi Teruko Ishizaka anazitulukira ku Denver, ku America, mu 1966. Zida zimenezi zimakakamira pa maselo ena a m'njira za mpweya otchedwa mast cell. Fumbi lija likalowanso, maselowa amakhuthula histamine ndi timadzi tina, njira za mpweya n'kufinyika, kutupa ndi kudzaza mamina. Pakapita maola angapo pamabwera gulu lachiwiri la asilikali a m'magazi, ma eosinophil, ndipo awa ndi amene amachititsa kutupa kokhalitsa. N'chifukwa chake munthu amene anasankha fodya masana amabanika kwambiri pakati pa usiku.

Mphumu wamba sionetsa kanthu pa X-ray nthawi zambiri. Vuto limabwera ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus, chibale cha chija chimaononga mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Chimakonda manyowa, zinyalala zowola ndi mbewu zosungidwa ponyowa. Kwa ena a mphumu, chukuchi chimakhazikika m'mamina a m'mapapo, chitetezo n'kumachimenya osalekeza. Matendawa madokotala amawatchula mwachidule kuti ABPA, ndipo anawalongosola koyamba ku England mu 1952. Mamina amauma gwa, n'kutseka njira ya mpweya, ndipo pachithunzi amaoneka ngati chotupa kapena ngati TB. Ambiri amamwa mankhwala a TB miyezi 6 pachabe asanadziwike.

Zonamizira khansa zilipo zinanso. Zipsera za TB yakale. Bowo limene TB inasiya m'phapo, m'mene chuku chaunjikana ngati kampira. Kutupa kwa phapo kumene kumabwera pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 munthu atawotchedwa pachifuwa ndi cheza, mphamvu yosaoneka imene achipatala amaphera khansa. Mankhwala a bleomycin, amene ambiri odwala khansa ya Kaposi analandira, nawonso amatha kuvulaza mapapo. Makina onse amene tikambe apa amaona mthunzi, kukula kwake ndi malo ake. Dzina la matenda salilemba.

Zoyezera musanasankhe

Choyamba ndi funso limene dokotala akufuna liyankhidwe, ndiponso mbali ya thupi. Makina ena abwino pa ubongo ndi ofooka pa mapapo. Musachite manyazi kufunsa kuti, "Adokotala, chithunzi chimenechi chikatiuza chiyani, nanga chikaonetsa kanthu tidzatani?" Safunsa anadya phula. Ngati chithandizo chikhala chomwecho kaya chithunzi chituluke chotani, ndalamayo ndi bwino igule chakudya cha wodwala.

Chachiwiri ndi mtengo wonse, osati wa pa risiti wokha. Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo wochokera ku Chulu, ku Simlemba kapena ku Chamama ayambe wawonjezera ulendo wofika paboma. Anthu okwera ndi awiri, wodwala ndi gadiyani. Kawirikawiri ulendo woyamba ndi wokatenga tsiku, wachiwiri wokajambulitsa, wachitatu wokamva zotsatira.

Chachitatu ndi kubwereza. Khansa yobwerera imadziwika poyerekeza chithunzi cha lero ndi cha kale, choncho njira imene mungathe kuibwereza imaposa njira yapamwamba imene mungaikwanitse kamodzi kokha pa moyo wanu. Apa pakulowanso nkhani ya wowerenga chithunzi, chifukwa madokotala a ukatswiri umenewu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo chithunzi chopanda lipoti sichinamalize ntchito.

Chomaliza ndi zoopsa: cheza, mankhwala obaya kuti chithunzi chiwale, ndi mantha obwera ndi mthunzi umene si khansa. Cheza amachiyeza mu mSv. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba, ngakhale asanapondepo kuchipatala. Nambala imeneyi muisunge, tiyerekezera nayo.

Makhololo, magazi ndi mpweya

Izi si zithunzi, koma ndaziika patsogolo dala, chifukwa ndi zimene zinatipulumutsa ife.

*Mtengo.* M'zipatala za boma n'zaulere. M'zipatala za mishoni monga ku Nkhamenya kapena St Andrew's ku Mtunthama kuyeza magazi kumalipiridwa, koma mtengo wake sungafanane ndi wa sikani iliyonse yaikulu.

*Kupezeka.* Makina a GeneXpert, oyeza TB m'makhololo, ali m'zipatala za maboma, ndipo akayamba kuyeza amatenga maola osapitirira awiri. Zipatala zing'onozing'ono zimatumiza makhololo kumeneko. Kuwerenga maselo a m'magazi kumaonetsa kuchuluka kwa ma eosinophil; akapitirira 500 m'kadontho ka muyezo wa microlitre, dokotala amayamba kuganizira za ziwengo. Kuyeza IgE kwenikweniko n'kwa m'malabu akuluakulu a m'mizinda. Palinso kachipangizo kouzira mpweya: wodwala amauzira mwamphamvu, n'kupopera salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya, n'kuuziranso pakapita mphindi 15. Mpweya ukawonjezereka kwambiri, ndi chizindikiro cha mphumu.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Makhololo akhale ochokera pansi pa chifuwa, osati malovu. Magazi ayezedwe musanayambe kumwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, chifukwa amatsitsa ma eosinophil m'masiku ochepa, umboni n'kufufutika.

*Zoopsa.* Pathupi palibe, koma zotsatira zimatha kusocheretsa. Kuno kwathu njoka za m'mimba ndi likodzo zimakwezanso ma eosinophil ndi IgE, choncho chimbudzi ndi mkodzo ziyezedwe. Komanso GeneXpert ikanena kuti TB palibe, sizitanthauza kuti nkhani yatha, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV. Ndipo mphumu kupezeka sikuchotsa khansa. Munthu mmodzi amatha kukhala nazo zonse.

X-ray ya pachifuwa

*Mtengo.* Yaulere kuboma, yotsika mtengo kwina konse. Mwa zithunzi zonse, iyi ndi imene banja la mlimi lingaikwanitse popanda kugulitsa mbuzi.

*Kupezeka.* Pachipatala chachikulu cha boma la Kasungu ndi m'zipatala zina za mishoni. Ndi ulendo wa tsiku limodzi. Masiku ano kulinso magalimoto oyendayenda ojambula anthu pofufuza TB, ndipo ena amagwiritsa ntchito kompyuta powerenga chithunzi. Dziwani kuti kompyuta imeneyo anaiphunzitsa kusaka TB. Ikanena kuti muli bwino, sikuti yafufuza khansa.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Palibe kusala kudya. Mphamvu ya X-ray ili pa kubwereza. Chigamba cha chibayo kapena cha mamina a ABPA chimachepa, chimatha, kapena chimasamukira pena pakapita masabata 6. Chigamba cha khansa sichisamuka, chimakhala pomwepo n'kumakula. Kwa achemwali, chithunzi chachiwiri chinaonetsa kuti chigamba chija chachepa kwambiri, ndipo dokotala anati, "Mayi, chotupa sichichepa chokha chonchi." Sungani chithunzi chilichonse, chouma, chosapinda, ndi tsiku lake. Ngati chili pakompyuta, pemphani kuti akupatseni, kapena chijambuleni bwino pafoni. Tsiku ndi zotsatira zilembedwe m'buku la kuchipatala.

*Zoopsa.* Cheza chake ndi pafupifupi 0.1 mSv, chofanana ndi cha chilengedwe cha masabata awiri. Mayi woyembekezera anene asanajambulidwe. Choopsa chenicheni ndi zimene X-ray imaphonya: timatotupa tosakwana sentimita imodzi, ndi zobisika kuseri kwa mtima, kwa nthiti kapena pansi penipeni pa mapapo. Munthu amene akuwonda, akutsokomola magazi, X-ray n'kutuluka yoyera, asabwerere kunyumba ndi chimwemwe. Afunika kupita patsogolo.

Sikani ya pamimba ija

Ndikunena makina omwe aja amajambulira amayi oyembekezera, ogwiritsa ntchito mafunde a mawu.

*Mtengo.* Yaulere kuboma, yapakatikati m'zipatala zolipira.

*Kupezeka.* Paboma ilipo, ndipo ina ndi yaing'ono yoti amabwera nayo pabedi la wodwala.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Pojambula chiwindi amakuuzani kusala kudya maola angapo. Pojambula m'chiuno, mumwe madzi chikhodzodzo chidzaze. Mutha kubwereza kangati konse. Chovuta n'chakuti ubwino wake uli m'manja mwa wojambulayo, ndipo chimene mumatenga n'kalipoti chabe. Pemphani kuti alembe kukula kwa chimene waona mu masentimita, kuti wodzajambula mtsogolo adzakhale ndi poyambira.

*Zoopsa.* Cheza palibe. Koma mafunde ake sadutsa mpweya, choncho m'kati mwa phapo sionamo, ndipo za mphumu singanene kanthu. Imaona bwino madzi ozungulira phapo kapena mtima, zotupa za m'chiwindi, mwanabere wa m'khwapa ndi m'khosi, ndi kachotupa pachipsera cha opaleshoni. Kwa mayi amene anadwala khansa ya khomo la chiberekero, imaonetsa ngati impso zatupa chifukwa chotupa chapanikiza njira ya mkodzo. Imalondoleranso singano potenga madzi kapena kanyama kokayeza. Ine ndimaona kuti anthu amainyoza chifukwa ndi yodziwika, koma pa mafunso amenewa imayankha tsiku lomwelo.

CT sikani

Pa mapapo, iyi ndiye mfumu. Ndi X-ray yomwe, koma yozungulira thupi, kompyuta n'kudula chithunzicho m'tizigawo topyapyala ngati mmene timadulira chinangwa. Wodwala woyamba anajambulidwa ndi makina otere ku London mu 1971.

*Mtengo.* Kuchipatala chachikulu cha boma, mukapita ndi kalata yochokera kuchipatala cha boma lanu, chimene chimakudyerani ndalama ndi ulendo ndi kudikira. M'zipatala zolipira za ku Lilongwe mumajambulidwa msanga, koma mtengo wake ndi wa X-ray zambirimbiri, ndipo mankhwala obaya amawonjezera. Funsani mtengo wonse pamodzi ndi lipoti. Amene muli pa MASM kapena inshuwalansi ina, tengani chilolezo chawo musanajambulitse.

*Kupezeka.* Kwa ife a ku Kasungu njira ndi ya ku Kamuzu Central Hospital, kumenenso kuli National Cancer Centre, kapena zipatala zolipira za mumzindawo. Makina otere kulikonse amafuna magetsi odalirika ndi akatswiri owakonza, ndipo akaima pamatenga nthawi. Musanakwere minibasi, pemphani achipatala chimene chikukutumizani kuti atsimikize tsiku.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Pofufuza khansa nthawi zambiri amabaya mankhwala a ayodini mumtsempha. Amafuna ayambe ayeza impso, choncho yezetsani magazi amenewo konkuno, mupite ndi zotsatira. Nenani ngati mumamwa metformin wa shuga. Nenaninso za mphumu, ndipo kopopera kanu kakhale m'thumba. Kujambula kwenikweni ndi mphindi zochepa, mutagwira mpweya kwa masekondi angapo. Musachoke popanda CD ya zithunzi, ndipo ngati muli ndi CT yakale, ya nthawi imene khansa inapezeka, pitani nayo. Ife tinaiwala yathu m'sutikesi ku mudzi, ndipo ulendo wina unapita pa chimenecho.

*Zoopsa.* Cheza chake ndi pafupifupi 6 mpaka 7 mSv, ngati X-ray 60 kapena 70, kapena cha chilengedwe cha zaka pafupifupi zitatu. Kwa munthu amene akuganiziridwa khansa, phindu limaposa chiopsezo chimenechi kutali, koma si chinthu chochita mwezi ndi mwezi, makamaka kwa ana. Mankhwala obaya amatha kuyambitsa ziwengo, ndipo a mphumu ali pachiopsezo chokulirapo. Amathanso kulemetsa impso zofooka kale.

Choopsa china n'chakuti CT imaona zambiri. Imatola timadontho ta mamilimita awiri kapena atatu, ndipo m'dziko la TB ngati lathu ambiri tili nato, zipsera chabe. Lipoti likati pali kadontho, nthawi zambiri dokotala amati tijambulenso pakapita miyezi itatu tione ngati kakula. Miyezi imeneyo ndi yaitali kwa banja, ndikudziwa. Komabe CT yomweyo ndi imene imasiyanitsa bwino ABPA ndi chotupa: imaonetsa njira za mpweya zotanuka, zodzaza mamina, zooneka ngati zala za m'gulovu. Ndi zimene zinapezeka mwa achemwali.

MRI

*Mtengo.* Wokwera kuposa CT.

*Kupezeka.* Makina ndi ochepa, m'mizinda ikuluikulu basi. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anaikako makina otere mu 2008, poyambirira pofuna kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Mumagona osagwedezeka m'chimphanga chopapatiza, chaphokoso, kwa mphindi 30 mpaka ola. Kwa munthu wobanika kapena wotsokomola n'zovuta. Kubwereza kumadalira thumba ndi mtunda.

*Zoopsa.* Cheza palibe, chifukwa MRI imajambula ndi maginito, koma maginitowo ndi amphamvu kwambiri. Wokhala ndi kabatire ka mtima, kapena kachitsulo kamene kanalowa m'diso powotcherera, anene msanga. Pa mapapo MRI ndi yofooka, choncho pa nkhani ya chifuwa musataye ndalama. Malo ake ndi ubongo, msana, chiwindi ndi m'chiuno, kumene imathandiza kusiyanitsa chipsera cha chithandizo ndi khansa ya khomo la chiberekero yobwerera.

PET-CT

Iyi ndi imene achibale athu ankati ithetsa mkangano wonse. Maganizo ake ndi awa: maselo a khansa amadya shuga mwadyera, monga katswiri wa sayansi Otto Warburg anaonera ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Ndiye amabaya wodwala shuga wapadera wotulutsa cheza, wotchedwa FDG, n'kujambula thupi lonse kuona pamene waunjikana.

*Mtengo.* Wokwera kuposa zonse, ndipo kujambulako n'kachigawo chabe. Pali tikiti ya ndege ya anthu awiri, pasipoti, malo ogona, ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa. Boma limatumiza odwala ena kunja kudzera m'zipatala zazikulu, koma mzere wake ndi wautali.

*Kupezeka.* Ofuna PET amapita kunja, monga ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India. Chifukwa chake chili mu shuga uja: mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, choncho amayenera kupangidwa pafupi, tsiku lomwelo, ndi makina ena odula kwambiri.

*Kukonzekera ndi kubwereza.* Kusala kudya maola 4 mpaka 6, kupewa ntchito yolemetsa dzulo lake, ndi kukhala phee pafupifupi ola mutabayidwa. Shuga wa m'magazi akhale wotsika bwino, ndipo prednisolone amamukweza. Nthawi ndi yofunika kwambiri: munthu akangowotchedwa ndi cheza amadikira pafupifupi miyezi itatu, apo ayi malo owotchedwawo amawala chifukwa cha kutupa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za kubwereza, mabanja ambiri kuno sangakwanitse kachiwiri.

*Zoopsa.* Cheza chake nthawi zambiri chimapitirira 10 mSv, china kufika 25. Koma chachikulu ndi ichi: asilikali a m'thupi akakhala pankhondo nawonso amadya shuga mwadyera. TB imawala. Chibayo chimawala. Phapo lotupa ndi chuku limawala, mwanabere wa munthu wa HIV amawala. Achemwali akanapita ku India mwezi umene uja, chigamba chija chikanatha kuwala, ndipo tikanabwerako ndi ngongole ndi mantha, yankho tilibe. Kumbali inayo, timatotupa tosakwana mamilimita 8 ndi khansa zina zokula pang'onopang'ono sizionekera bwino. PET ili ndi malo ake enieni: lymphoma, imene ndi khansa ya mwanabere, komanso pamene dokotala akufuna kudziwa ngati khansa yabwerera pamalo amodzi okha, oti angachite opaleshoni kapena kuwotcha, kapena yafalikira.

Pamapeto pa njira zonsezi, chotsimikiza ndi kanyama kapena madzi opita ku labu. Ku Kamuzu Central kuli labu yoyeza zimenezi kuyambira 2011. Ngati pali mwanabere wogwirika kapena madzi m'chifuwa, singano imayankha zimene makina odula sangayankhe. Chenjezo limodzi kwa amene anadwala lymphoma: prednisolone amafwetsa chotupa chake kwa kanthawi, kanyama n'kutuluka kosadziwika bwino. Musagule mankhwalawa pa golosale kapena pa famase mwa nokha chifukwa choti chifuwa chalira. Amathanso kukolezera TB yobisika.

Nanga inu muli pati?

Munachira khansa ya m'mawere, palibe chimene chikukupwetekani, koma mtima suli m'malo. Chofunika ndi kupita ku kiliniki pa masiku amene anakupatsani, kupimidwa ndi manja, ndi kujambulitsa bere lotsalalo ndi mammogram, X-ray ya mawere, ngati mungaipeze. Mu 1994 magulu awiri akuluakulu a kafukufuku a ku Italy anaonetsa kuti amayi amene ankajambulidwa mapapo ndi mafupa pafupipafupi popanda zizindikiro sanakhale moyo wautali kuposa anzawo amene ankangopimidwa. Ndalama ya CT ya chaka ndi chaka isungeni, idzagwire ntchito tsiku limene chizindikiro chidzaoneke. Khansa zina zili ndi ndondomeko yake ya zithunzi, ndipo imeneyo muitsate monga anakulemberani.

Muli ndi mphumu yakale, chifuwa chakula nyengo ya fumbi kapena yozizira, koma thupi silikutsika. Yambani paboma: makhololo, magazi, X-ray. Gwiritsani ntchito mankhwala opopera oteteza, monga beclomethasone, tsiku lililonse monga anakuuzani, osati salbutamol yekha. Chokani kaye m'chigafa ndi pankhokwe ya chuku. Ngati panaoneka chigamba, bwerezani X-ray pakatha masabata 6.

Chigamba sichinasunthe, kapena chakula, kapena mukuwonda, mukutuluka thukuta usiku, mukutsokomola magazi, mawu asasa. Apa musadikire masabata ena. Pemphani kalata ya CT ya pachifuwa, ndipo dziwitsani a kiliniki ya khansa imene inkakuthandizani.

Munamwa mankhwala a TB mpaka kumaliza, makhololo sanaonetsepo TB, chifuwa chikulirabe, makhololo ndi olimba abulawuni. Funsani dokotala za ABPA ndi matenda ena a chuku, mutchule dzinalo. Magazi ndi CT ndi zimene zimathandiza. Mankhwala ake ena, monga itraconazole, sagwirizana ndi rifampicin wa TB ndi ma ARV ena, choncho onetsani mankhwala onse amene mukumwa.

Mukubanika, mbali imodzi ya chifuwa yalemera, X-ray yayera theka lonse. Sikani ya pabedi ndi singano, konkuno, madziwo apite kokayezedwa TB ndi khansa.

Munadwala khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mwayamba kutaya magazi, kumva kupweteka m'chiuno kotsikira kumwendo, kapena mwendo umodzi watupa. Kupimidwa ndi dokotala ndi sikani ya impso zikhale zoyamba, makamaka m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira pamene khansayi imakonda kubwerera. MRI kapena CT zibwere pambuyo pake.

Dokotala wa khansa wanena yekha kuti PET isintha chithandizo, ndipo TB yafufuzidwa kale. Apo ulendo wakunja uli ndi tanthauzo. Pitani ndi ma CD onse, malipoti a labu, ndi masiku amene munalandira mankhwala ndi cheza.

Zina sizidikira kalata kapena tsiku la kiliniki. Kupweteka kwa msana kwatsopano pamodzi ndi miyendo kufooka, dzanzi, kapena kulephera kugwira mkodzo: chotupa chingakhale chikupanikiza mtsempha wa msana, ndipo maola ndi amene amasiyanitsa kuyenda ndi kulumala. Chofunika ndi MRI, ikasowa CT. Kubanika kodzidzimutsa, mwendo umodzi utatupa, kungakhale magazi oundana amene afika m'mapapo, vuto limene limakonda odwala khansa, ndipo salbutamol salithandiza. Kutentha thupi muli pa mankhwala a m'diripi, kapena kubanika koti simungamalize chiganizo, milomo yada: pezani galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, mufike kuchipatala usiku womwewo, buku la kuchipatala ndi zithunzi zakale zili m'manja mwa gadiyani.